Galu wa aneba wandithera nkhuku, ndiyambire pati?

Mayi wa ku Chirimba

Moni nonse. Masiku onse ndimangowerenga za anzanga muno, koma lero vuto lagwa pakhomo panga, ndipo ndikupempha nzeru chifukwa mutu wanga waima.

Ndimakhala ku Chirimba kuno ku Blantyre, nyumba ya lendi, ine ndi ana awiri. Bambo a ana ali ku Joni, amabwera pa Khirisimasi pokha. Chaka chatha nditapita kwathu ku Chiradzulu, mayi anga anandipatsa msoti umodzi wamawanga ngati nkhanga, amvekere, "Kawete mwana wanga, mchere usamachite kupempha." Ndinabwera nawo m'katoni pa minibasi, ndili chiugwirire pamiyendo njira yonse. Msoti uja unaikira, unagogomola, ndipo pofika mwezi wathawu ndinali ndi nkhuku 14 kuwerengera ndi anapiye omwe. Tambala yekha ndi amene ndinachita kukagula ku msika wa Lunzu.

Nkhukuzi kwa ine si zachionetsero. Ndalama ya ku Joni ikachedwa, ndimagwira imodzi n'kugulitsa, tipeze ufa ndi makala. Mwana wamkulu amanyamula dzira lowiritsa popita kusukulu.

Kuseri kwa mpanda wathu kuli banja lina, iwo nyumba ndi yawoyawo. Mu Juni akuba anawathyolera usiku, ndiye bambo a nyumbayo anakatenga galu. Sindinaone cholakwika, inenso mantha anali atandigwira. Poyamba ankamumangirira pamtengo wa mapeyala masana onse n'kumumasula usiku. Kenako unyolo unaduka, ndipo wina sanagule. Mpanda wathu ndi waudzu, ndipo pamene pamadutsa madzi a kubafa pali mpata.

Masabata awiri apitawo ndikuchokera kuchigayo ndinapeza nthenga zili mbwee kuseri kwa bafa. Nthenga zamawanga zija. Ndinazilondola mpaka pampata paja, ndipo nditasuzumira ndinaona galu ali gone pansi pa mpeyala, phiko la thadzi langa lili pakati pa miyendo yake yakutsogolo, mlomo wake uli ndi nthenga. Thadzi lomwe lija la kwa mayi anga. Linasiya anapiye 7. Ndinawaika m'katoni pafupi ndi mbaula kuti azimva kutentha, koma atatu afa kale.

Madzulo ndinapita kukawauza mwaulemu. Bambo aja anangoti, "Galu wanga sagwira nkhuku, ameneyo ndi vumbwe." Nditawauza kuti ndaona ndi maso anga, anati, "Ndiye muzizitsekera nkhuku zanuzo, kuno ndi kutauni." Ndinabwerera misozi ili m'maso.

Dzana galuyo walowanso n'kugwira tambala. Mwana wanga wamng'ono, wazaka 6, anatola kamtengo kuti alanditse, galu n'kumutembenukira, kumugwira pakatumba. Bala si lalikulu, timabowo tiwiri ndi kukandika pang'ono. Ndinapukuta n'kupakapo jivii, ndipo akusewera bwinobwino. Tambala anafa usiku womwewo.

Chondivuta n'chakuti mayi a nyumba ija ndi munthu wabwino kwa ine. Apongozi anga atamwalira, anagona nafe pasiwa masiku atatu, mapoto awo ndi omwe tinaphikira. Ndikapita kokaoda tomato m'mamawa, ana anga amawasuzumira ndi iwo. Chiyambireni nkhaniyi akumandizemba, tikakumana pampopi amangoyang'ana pansi.

Alongo anga akuti ndigule temiki ndiike m'nsima, nkhani ithe. Mtima wanga ukukana. Ena akuti ndipite kupolisi, ena akuti kwa amfumu. Ine ndikufuna nkhuku zanga zilipiridwe ndipo galuyo amangidwe, koma sindikufuna udani ndi anthu amene ndimagawana nawo moto. Ndiyambire pati?

Mlangizi wa ziweto wopuma

Amayi, pepani kwambiri. Koma za nkhuku ziikeni kaye pambali. Nkhani yaikulu mwailemba ngati yaing'ono: mwana walumidwa ndi galu ndipo khungu labooka. Mupite naye kuchipatala lero lomwe. Musadikire kuti kuche kawiri.

Ndagwira ntchito ya ziweto zaka zambiri, ndipo chiwewe ndimachiopa kuposa nthenda ina iliyonse. Kachirombo kake kamakhala m'malovu a galu. Kakalowa pabala kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika kubongo, n'chifukwa chake munthu amaoneka wabwinobwino kwa masabata, kawirikawiri miyezi iwiri kapena itatu. Kusewera kwa mwanayo lero sikukutiuza kalikonse. Kukula kwa bala nakonso si nkhani, ngakhale kukandika chabe kumakwanira. Zizindikiro zikangoyamba, kutentha thupi, kubalalika, kuopa madzi, ndiye kuti mankhwala palibenso. Koma munthu akalandira katemera msanga, zizindikiro zisanayambe, amapulumuka. Bungwe la zaumoyo la WHO limati mwa anthu 10 alionse amene amalumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, pafupifupi anayi ndi ana osakwana zaka 15.

Chitani izi. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenderera kwa mphindi 15, ngakhale papita masiku awiri. Sopo wochapira yemweyo ndi wokwanira. Musathirepo mchere, mafuta a mabuleki kapena ubweya wa galu wowotcha monga ena amalangizira. Kenako kafunseni aneba anuwo ngati galuyo anabayitsa katemera wa chiwewe, akuonetseni khadi lake, osati mawu apakamwa. Pitani kwa a vetenale mukafotokoze, akupatsani kalata yopita nayo kuchipatala, ndipo musaiwale buku la kuchipatala la mwana. Jakisoni wake sabaya kamodzi. Amabaya tsiku loyamba, kenako pakapita masiku 3, kenako pakakwana masiku 7, ndipo nthawi zina amawonjezera. Masiku amene akulembereniwo muwasunge ngati tsiku la malipiro. Mufunsenso za jakisoni wa kafumbata.

Tsopano za temiki. Kupatula kuti ndi nkhanza, kupha galuyo panopa n'kudzitseka m'maso nokha. Galu amene waluma munthu amayenera kumangidwa n'kumaonedwa kwa masiku 10. Ngati anali ndi chiwewe m'malovu tsiku limene analuma, m'masiku amenewo adwala: kuchucha dovu, kusintha kauwidwe, kuluma chilichonse, kulephera kumeza, kapena kungozizira n'kufa ziwalo. Akadutsa masiku 10 akudya ndi kumwa bwinobwino, mtima ukhale pansi. Koma musadikire masiku amenewo kuti muyambe katemera wa mwana. Ziwirizi zimayendera limodzi, ndipo ngati pali zosiya, akuchipatala ndiwo anene.

Inu a ku Blantyre muli ndi mwayi. Kuyambira 2015 a Mission Rabies, pamodzi ndi a boma a ziweto, akhala akubaya agalu katemera waulere mumzindawo, m'masukulu ndi khomo ndi khomo, n'kumawapaka utoto pamutu posonyeza kuti abayidwa. Koma galu wobwera mu Juni mwina zinamuphonya. Kafunseni komwe anamutenga.

Mayi wa ku Chirimba

Abambo, mwandidzidzimutsa, thupi lonse lazizira. Ine ndimaganiza kuti chiwewe ndi cha agalu oyendayenda openga aja, osati wapakhomo wonenepa ngati ameneyu. Bala ndatsuka kale monga mwanenera, mwana akulira koma ndapirira mpaka mphindi zakwana. Ndikusintha zovala, tikunyamuka.

Bambo wa ku Kawale

Mwana ayambe wathandizidwa, pamenepo palibe wotsutsa. Koma ndiloleni ndilankhuleko mbali ya eni agalu, chifukwa inenso ndili nawo awiri kuno ku Lilongwe, ndipo ndinakhalapo pamalo a aneba anuwo.

Bambo aja analakwa kukana. Galu wanga atagwira bakha wa aneba, ndinakalipira tsiku lomwelo osadikira kuitanidwa. Koma mawu awo achiwiri aja, oti muzitsekera nkhuku, ngakhale anawalankhula mwamwano, muli choona. Mayi, nkhuku 14 zoyendayenda paploti ya kutauni zimavutitsa. Ine ndinadzala mpiru ndi chayinizi kuseri kwa nyumba, ndinkathirira ndi madzi ogula, nkhuku za eni zinafukula bedi lonse tsiku limodzi. Mwanika mphale pamkeka, nkhuku. Mwatsuka mbale mwaika pathandala, nkhuku. Mwina zanunso zimadutsa pampata womwewo kupita kwawo, iwo n'kumangokhala chete chifukwa cha ulemu. Mukapita kokambirana, pitani mukudziwa kuti akhoza kukutulutsirani zimenezo.

Chinanso, galu akalawa nkhuku sasiya msanga. Za kumumangirira nkhuku yakufa m'khosi kapena kumulowetsa dzira lamoto m'kamwa musazimvere, n'kuzunza chiweto chabe. Funso ndi lakuti galuyo amadya chiyani? Anthu ambiri amatenga galu chifukwa cha akuba, n'kumamuponyera mkute kamodzi patsiku, ena amachita kumumana dala kuti akhale wolusa. Galu wanjala, wokulira paunyolo waufupi, ukangoduka amathamangitsa chilichonse choyenda. Anga ndimawaphikira phala la madeya lothira bonya wa fumbi uja wotsika mtengo, m'mawa ndi madzulo, madzi osasowa m'beseni. Ndinawamangira kakhola ka njerwa kumthunzi. Masana ali mkati, usiku geti ikatsekedwa ndimawamasula.

Inunso mangani khola, ngakhale la nsungwi, lokwera m'mwamba, ndi kabwalo kotchinga ndi waya wa sefa. Lero ndi galu, mawa ndi mphamba kapena anthu odutsa. Ndipo poti kwayamba kutenthaku, chitopa chili pafupi. Mukapita kwa a vetenale mufunsenso za katemera wa I-2, wodontheza m'diso uja. Zotsalazo zingathe sabata imodzi galu asanazikhudze n'komwe.

Agogo a ku Zomba

Mwana wanga, ndalemba kudzera pafoni ya mdzukulu wanga, iye ndiye akutayipa. Ndamva chisoni ndi thadzi la mayi akolo. Chiweto chopatsidwa ndi kholo sichifanana ndi chogula.

Za temiki ndikuuze zimene ndinaona ndi maso anga. Tikukhala kumalayini, amuna anga akadali pantchito, mayi wina anatopa ndi galu wa mnzake amene ankamudyera mazira. Anaika mankhwala amenewo m'mitu ya usipa n'kusiya kuseri kwa khitchini. Galu uja sanabwere usiku umenewo. Anadya ndi mphaka wake yemwe, ndi abakha a nyumba yachitatu. M'mawa tinapeza kamwana kokwawa ka nyumba ina kali ndi mutu wa usipa m'manja, kakupita nawo kukamwa. Amake anakuwa mpaka layini yonse inatuluka. Mulungu anachita chifundo, kanali kasanadye. Mayi uja anasamuka mwezi womwewo chifukwa cha manyazi. Alongo akowo uwauze kuti pakhomo pali ana saikapo zimenezo.

Kupolisi usathamangireko. Ukangomutengera munthu kumeneko, ngakhale akulipire nkhuku khumi, moni watha. Ndipo iwe amuna ako ali kutali. Usiku mwana akatentha thupi, ugogoda pakhomo la yani?

Pamene unalakwitsa ndi apa: unapita wekha, mtima uli m'mwamba, n'kukalankhula ndi bambo pakhomo pawo, mwina ana awo akumva. Mwamuna woteroyo amakana ngakhale nthenga zili pakamwa pa galu. Yambira kwa mkazi mnzako. Kuyang'ana pansi kumene akuchita pampopiko si chidani, ndi manyazi. Akudziwa zimene galu wawo wachita, koma sangatsutse amuna awo pamaso pako. Muitane kwanu, umuyalire mkeka, umuonetse mwendo wa mwana. Za nkhuku usayambe ndiwe. Iyenso ali ndi ana, ndipo galu woluma mwana wa mnzako mawa aluma wako. Iye ndiye adziwa polowera kwa amuna ake.

Zikatero mukhale pansi nonse, pakhale munthu wachikulire mmodzi amene mbali zonse zimamulemekeza, kaya mkulu wa mpingo, kaya alandilodi ako. Kwathu kumudzi mbuzi ikadya chimanga cha mwini, sitithamangira kubwalo. Timayamba taitana mwini mbuzi adzaone yekha m'munda, chimanga chikadali chophwanyika. Zikakanika m'pamene timapita kwa amfumu, ndipo kumeneko kuli chabwalo choti ulipire. Iwenso amfumu uwasunge ngati khomo lachiwiri.

Ponena za malipiro, tchula zimene unaona: thadzi ndi tambala. Anapiye anafawo uwatchule kuti adziwe, koma usawaikire mtengo. Ukayamba kuwerengera mazira amene thadzi likanaikira chaka chamawa, munthu amauma mtima. Koma ndalama za minibasi zopitira kuchipatala, zimenezo usachite nazo manyazi, ndi zawo.

Mnyamata wa ku Ndirande

Ine ndikusiyana nawo pang'ono agogo. Ulemu ndi wabwino, koma zimene mugwirizane zilembedwe papepala, onse asayine, mboni isayinenso. Mayi anga analonjezedwa pakamwa malipiro a nkhunda zawo zimene mphaka wa aneba anatha, mpaka lero chaka chachitatu. Jambulaninso bala la mwana ndi mpata wa mpandawo pafoni. Ndipo akakana kumanga galu woti waluma kale mwana, pamenepo musazengereze, kauzeni amfumu ndi a vetenale tsiku lomwelo. Imeneyo si nkhani ya nkhuku ayi.

Mayi wa ku Chirimba

Ndabweranso kuti ndikuuzeni mmene zayendera, poti munandithandiza ngati abale anga.

Tsiku lija tinapita kwa a vetenale, anatilembera kalata, n'kupita kuchipatala. Tinakhala pamzere mpaka dzuwa kupendeka, koma mwana anabayidwa, ndipo anamwino anatilembera masiku obwereranso m'buku. Anandikalipira pang'ono chifukwa chochedwa masiku awiri, ndipo ndinavomera. Wachiwiri tinakabayitsa Lachisanu.

Pobwera tsiku loyambalo ndinachita monga ananenera agogo. Ndinatuma mwana wamkulu kukaitana mayi a kuseri. Anabwera atafunda chitenje kumutu, n'kukhala pamphepete penipeni pa mkeka. Sindinatchule nkhuku. Ndinangokweza kabudula wa mwana n'kuwapatsa buku la kuchipatala. Anayang'ana timabowo tija nthawi yaitali, kenako anagwira kaphazi ka mwanayo ndi manja awiri n'kuyamba kulira. Anati sankadziwa kuti galu analuma mwana, ana awo anabisa poopa kukwapulidwa. Anandiuzanso kuti tsiku la thadzi lija iwo ndi amene anakwirira zotsala kuseri kwa chimbudzi, ndipo chiyambire tulo sakugona.

Khadi la katemera palibe. Galuyo anamutenga kwa mnzawo wa kuntchito ali kamwana, ndipo sanabayitsepo. Usiku womwewo bambo aja anabwera ndi unyolo watsopano, ndinamva kulira kwake akumangirira pampeyala.

Loweruka tinakhala pansi pakhonde pa alandilodi anga. Bambo aja sananene kuti pepani mwachindunji, koma anavula chipewa n'kunena kuti, "Mayi, zachitikazi zatichititsa manyazi." Bambo a ku Kawale munalosera: anatchuladi kuti nkhuku zanga zinawathera nkhwani ndi tomato wa kuseri, ndipo mayi aja ankangozipirikitsa osandiuza. Ndinapepesa, chifukwa sindinkadziwa. Tagwirizana kuti mwezi ukatha andigulira thadzi ndi tambala, ine ndikasankhe ndekha kumsika, ndipo ndalama za minibasi za maulendo onse a kuchipatala abweza. Za ulendo woyamba ndi wachiwiri apereka kale. Mpata uja atseka ndi njerwa, asiya kabowo ka madzi kokha. Alandilodi analemba zonse m'kope lawo la lendi, tonse tinasayina. Achimwene a ku Ndirande, zikomo.

Ine mbali yanga ndagula nsungwi, ndipo alongo anga omwe aja a temiki ndi amene akundimangira khola. Waya wa sefa wandikulira mtengo, ndiye kabwalo tiyamba tatchinga ndi bango. Anapiye anayi otsala aja ayamba kumera nthenga za m'mapiko, ndipo kamodzi kakuoneka kuti kadzakhala kamawanga ngati make.

Lero ndi tsiku la 7 chilumidwire mwana. M'mawa uliwonse ndimapita kukamuona galuyo ndekha. Lero wadya phala lonse, wamwa madzi, ndipo anandigwedezera mchira. Jakisoni wachitatu ndi Lachiwiri. Abambo alangizi, funso langa ndi ili: masiku 10 akakwana galuyo ali bwino, angathe kukamubayitsa katemera tsiku lotsatira lomwelo, kapena adikire kaye? Bambo aja akuti akufuna apite naye Loweruka likubwerali, ndiye ndati ndifunse kuno kaye.